Mau a Chichewa Pophunzitsa Kuikiza Mpamba m'Sukulu za Ukachenjede: Zimene Tikuona ku Centurion

1. Mau oyamba

Centurion ndi tauni imene ili pakati pa Pretoria ndi Johannesburg, m'mbali mwa mseu waukulu wa N1. Kuyambira m'chaka cha 1967 inkatchedwa Verwoerdburg, ndipo dzina la tsopanoli idalitenga mu 1995; kuchokera mu 2000 ili pansi pa mzinda wa Tshwane. Kwa ife ofufuza za zinenero, tauniyi ili ndi chake chopatsa chidwi. Muli malikulu a makampani osamala ndalama za anthu, monga Momentum ndi OUTsurance, ndipo momwemo muli malo ophunzitsira a Akademia, sukulu ya ukachenjede yosakhala ya boma, imene imaphunzitsa zamalonda ndi zachuma m'Chiafrikaans. Kumpoto kwake pang'ono kuli University of Pretoria, imene ili ndi digiri yakeyake ya kasamalidwe ka ndalama zimene anthu amaika m'masheya ndi m'malonda ena. Sukulu imeneyi idaleka kuphunzitsa ophunzira atsopano m'Chiafrikaans mu 2019, nitsala ndi Chingerezi. Motero m'dera limodzi laling'ono maphunziro a zachuma akumveka m'zinenero ziwiri, koma m'Chizulu, m'Chipedi kapena m'Chitswana, zinenero zimene zili m'gulu la zinenero 11 zimene malamulo a dzikolo a 1996 adazivomereza kukhala za boma, phunziroli silinakhazikike.

Chichewa si chinenero cha boma ku South Africa, ngakhale chimamveka tsiku ndi tsiku m'misewu ya Centurion, pakamwa pa Amalawi ogwira ntchito m'nyumba, m'maluwa ndi pa zomangamanga. Tasankha tauniyi chifukwa ikutithandiza kufunsa funso lathu momveka: kodi mphunzitsi wa ku MUBAS ku Blantyre, kapena wa ku Lusaka, atafuna kufotokoza phunziro limeneli m'Chichewa, angapunthwe pati? Ambiri amayankha kuti chinenero chathu chilibe mau. Ife tikuti mau alipo, ndipo ena ndi okhwima kwambiri. Chovuta chili pa malire a matanthauzo ake, pakuti liu limene likuoneka lofanana ndi la m'buku limathera pena pamene la m'bukulo likupitirira.

2. Kumene Chiafrikaans chidatapa

Wophunzira wa Chiafrikaans ali ndi mau onse m'manja: belegging, aandeel, opbrengs, risiko, portefeulje. Tisafulumire kuyamikira luso la opeka mau, popeza pafupifupi onsewa adatapidwa m'Chidatchi, chinenero chimene amalonda a ku Amsterdam adachigwiritsa ntchito pogulitsana masheya kuyambira zaka za m'ma 1600. Chiafrikaans chitavomerezedwa kukhala chinenero cha boma mu 1925, nkhokwe inali ili kale pakhomo. Kuonjezera apo, mauwo adapeza owalankhula. Kampani ya Sanlam idayamba mu 1918, banki ya Volkskas mu 1934, ndipo makalata, malipoti a pachaka ndi masamba a zachuma m'nyuzipepala zinkalembedwa m'chinenerocho. Boma la tsankho nalo lidathirapo ndalama ndi mphamvu, ndipo zimene zidachitika ku Soweto mu 1976 zimatikumbutsa mtengo wake.

Chichewa chidayenda njira ina. Chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko la Malawi mu 1968, bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies mu 1996, imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange udayamba malonda mu Novembala 1996, pamene kampani ya NICO idakhala yoyamba kulembedwapo. Ntchito yaikulu yokonza chinenero idachitika msikawo kulibe, ndipo msikawo utabwera udalankhula Chingerezi. Ife tilibe Chidatchi chathu chotapamo. Tili ndi zinenero zinzathu za Chibantu, ndipo ndiko tiyenera kuyamba kuyang'ana.

3. Kuika, kusunga ndi kuikiza

Liu loyamba m'phunziroli ndi limene Angerezi amati investment. M'zinenero za Chibantu muli njira ziwiri zimene anthu atsata. Njira yoyamba ndi ya m'munda: Azulu amati ukutshala imali, ndiye kuti kubzala ndalama, ndipo adapangapo dzina loti utshalomali. Njira yachiwiri ndi ya mneni wotanthauza kuika, amene muzu wake ndi umodzi m'zinenero zambiri za banja lathu:

(1) Chiswahili: weka, wekeza, uwekezaji
(2) Chipedi: bea, beeletša, peeletšo
(3) Chichewa: ika, ikiza

Mu (1) ndi (2) msintho wa mneni wabala liu limene lero likugwira ntchito m'mabanki ndi m'nyuzipepala. Mu (3) msinthowo ulipo kale, koma sitinaupatse ntchito yatsopanoyi. Kumudzi munthu amaikiza mbuzi kapena nkhuku kwa mbale wake wa mudzi wina kuti amuwetere. Mwini wake amadziwa kuti mbuziyo ikhoza kuswana, ikhozanso kugwidwa ndi fisi kapena kufa ndi matenda, ndipo woweta uja amayembekeza kulandirapo kanthu. M'mchitidwe umenewu muli zonse zimene wophunzira wa chaka choyamba ayenera kumva: chuma chachoka m'manja mwa mwini wake, chili m'manja mwa wina, chidzabwerako patapita nthawi, ndipo kuchuluka kwake sikunadziwike.

Ena anganene kuti kuikiza kumangotanthauza kusiya chinthu kwa munthu kuti udzachitenge chili chomwecho, monga katundu woikiza pa sitolo ya mnzako poyembekeza basi. Zoona, tanthauzo limenelo lilipo. Koma pa ntchito imeneyo tili ndi liu lina lamphamvu, kusungitsa, limene anthu amagwiritsa ntchito kale pokamba za banki. Choncho pali mpata wogawa ntchito pakati pa aneni atatu. Kusunga ndiko kusadya lero. Kusungitsa ndiko kupereka kwa wina kuti akusungire, ndi lonjezo lakuti udzazipeza. Kuikiza mpamba ndiko kupereka popanda lonjezo lotero. Wochita zimenezi akhala woikiza, ndipo zinthu zimene wagula ndi mpambawo zikhala zoikiza.

Nanga bwanji osatsata Azulu? Kubzala ndalama ndi mau okoma, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti chobzala sichimera chonse. Chikutikayikitsa n'chakuti mauwa ena adawatenga kale. M'mapemphero ena kubzala mbeu kwasanduka kupereka ndalama poyembekeza kuti zidzabwera zochuluka mosalephera, ndipo akathyali olonjeza phindu la msangamsanga, monga a MMM imene idagwa ku South Africa mu 2016 anthu ambiri nataya zao, amakonda kalankhulidwe komweka. Liu limene lazolowera kuyenda ndi lonjezo n'lovuta kuliphunzitsa kuyenda lopanda lonjezo.

Tisasiye mfundoyi tisanatchule mau amene safuna kukonza konse. Mpamba, ngongole, chikole ndi chiongoladzanja ndi mau okhwima, ndipo katapila amasiyanitsa bwino chiongoladzanja chamakhalidwe ndi chaumbava. Aneni oyenda awiriawiri, monga kugula ndi kugulitsa, kubwereka ndi kubwereketsa, kukongola ndi kukongoza, amaonetsa mbali ziwiri za malonda amodzi pa tsinde limodzi, chinthu chimene Chingerezi chimachita ndi mau osiyana kotheratu. Sheya nalo lakhazikika m'gulu la Li-Ma, ndipo palibe wodabwa akamva pa wailesi kuti masheya a Airtel Malawi, amene adalowa pa msika mu 2020, akwera kapena atsika. Kulimbana ndi liu lobwereka loterolo n'kutaya nthawi.

4. Phindu ndi chiopsezo

Apa ndi pamene pali dzenje lenileni. Phunziro lonse la kasamalidwe ka zoikiza, monga lidayambira ndi nkhani ya Harry Markowitz ya m'chaka cha 1952, laima pa mau awiri, return ndi risk. Womasulira aliyense amalemba msanga kuti phindu ndi chiopsezo, ndipo mau onse awiri ndi olakwika mwa njira imodzi: aliwonse akuyang'ana mbali imodzi yokha.

Phindu m'Chichewa ndi chinthu chabwino nthawi zonse. Munthu sanganene kuti wapeza phindu lochepera pa ziro; amati waluza, kapena mpamba waduka. Koma m'masamu a phunziroli chiwerengero ndi chimodzi, chimene chaka china chimakhala 20 pa 100 iliyonse, chaka china n'kukhala 10 yochotsera, ndipo wophunzira ayenera kuziphatikiza n'kupeza chapakati. Akangozolowera kuti chiwerengerocho ndi phindu, zaka zoluza amaziona ngati ngozi zapadera zosayenera kulowa m'masamu. Ife tingakonde kuti chiwerengero chonsecho chitchedwe chobwerera, popeza chobwerera chikhoza kuposa chimene chidapita, chikhozanso kuchepa. Phindu likhale chobwerera choposa mpamba, kuluza kukhale chobwerera chopereweza mpamba. Aswahili nao ali ndi faida ndi hasara, mau awiri oyang'ana mbali imodziimodzi, kotero kuti vutoli si lathu lokha.

Chiopsezo chili ndi vuto lomwelo, koma lokulirapo. Liuli lichokera ku mneni opsa, ndipo chimene chimaopsa ndi choipa basi. N'chifukwa chake lidakhazikika bwino m'nkhani za umoyo, pokamba za anthu amene ali pa chiopsezo chotenga matenda. Koma chimene Markowitz adayeza ndicho kutalikirana kwa zobwerera ndi chapakati chake, kumtunda ndi kumunsi komwe. Sheya limene chaka chino labweretsa zambiri zosayembekezeka lili ndi risk yaikulu monga lomwe lagwa mosayembekezeka. Mphunzitsi akanena m'Chichewa kuti pamene pali chiopsezo chachikulu pali phindu lalikulu, womvera amamva zinthu ziwiri zimene mphunzitsiyo sananene: kuti kulimba mtima kumalipira, ndi kuti phindulo n'lotsimikizika. Chimene chiphunzitsocho chikunena n'chakuti anthu salola kugula chinthu chosakhazikika pokhapokha chobwerera choyembekezeka chikhale chokwera, ndipo choyembekezeka sichikhala chofika nthawi zonse.

Chichewa chili ndi chida choyenera pa ntchito imeneyi, ndicho msintho wobwerezabwereza. Kusintha ndi kamodzi, kusinthasintha ndi khalidwe. Tikati kusinthasintha kwa chobwerera tanena ndendende chimene masamu akuyeza, osaonjeza mantha. Chiopsezo tichisiyire mbali ya kumunsi yokha, monga chiopsezo chakuti wokongola alephera kubweza, ndipo pamenepo liulo likhala pamalo pake. Mwa njira imeneyi wophunzira wa Chichewa akhoza kukhala ndi mau awiri pamene mnzake wa Chingerezi kapena wa Chiafrikaans ali ndi limodzi lomwe ayenera kumaliunika nthawi zonse kuti adziwe tanthauzo limene likugwira ntchito.

5. Mtolo

Liu loti portfolio lidachokera ku Chitaliyana, ndipo poyamba linkatanthauza chikwama chonyamulira mapepala. Palibe chifukwa chotsatira chikwamacho. Tayesa mau anayi. Thumba lidatengedwa kale, popeza timati thumba la penshoni kapena thumba la ngongole, kutanthauza ndalama za anthu ambiri zosonkhanitsidwa pamodzi. Nkhokwe imasunga mbeu ya mtundu umodzi, ndipo zimene zili m'kati mwake siziswana. Phukusi ndi la chinsinsi, ndiponso limakumbutsa mwambi uja woti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, pamene ntchito yonse ya ophunzira amenewa idzakhala yosungira anzao. Latsala ndi mtolo.

Mtolo uli ndi ubwino wakuti chilichonse chili m'menemo chimaonekabe pachokha, monga nkhuni kapena nzimbe, koma zonse zimanyamulidwa pamodzi. Umabweranso ndi aneni ake: kumanga mtolo, kumasula, kupungula, kuonjezera. Ngakhale gawo la mpamba limene laikidwa pa chinthu chimodzi tikhoza kulitcha kulemera kwa chinthucho mu mtolo, monga amachitira a masamu. Dzina la phunziro lonse litha kupangidwa ndi mphatikiram'mbuyo ka- pamodzi ndi -idwe, njira imene yatipatsa kale kayendetsedwe, kagawidwe ndi kalimidwe: kasamalidwe ka mtolo wa zoikiza.

Chifukwa chomangira mtolo ndicho chimavuta kufotokoza, ndipo apa miyambi siithandiza. Aphunzitsi ambiri amamasulira mwambi wa Azungu wa mazira ndi dengu. Wophunzira wochenjera akhoza kuyankha ndi wathu, woti mapanga awiri avumbwitsa, kapena kukumbutsa za pusi amene adagwa chagada pofuna zokoma ziwiri. Nzeru za pakamwa za makolo zimachenjeza munthu wogawa mtima. Koma nzeru zao za m'munda zimachita zina. Mai wa ku Chiradzulu amabzala chimanga, nandolo ndi maungu m'munda umodzi, amakhala ndi chinangwa cha m'malire, ndipo akapeza malo amalimanso dimba. Alangizi amautcha ulimi wa kasakaniza, ndipo liu limeneli, kasakaniza, n'lokonzeka kale kulowa m'kalasi ya zachuma.

Komatu kasakaniza si kuchulukitsa mitundu chabe. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi K100,000. Akaika yonse pa choikiza choyamba, chaka cha mvula yabwino amapindula K20,000, chaka cha chilala amaluza K10,000. Akaika yonse pa chachiwiri, chaka cha mvula yabwino sapindula kanthu, chaka cha chilala amapindula K10,000. Ngati zaka ziwirizi zimabwera mofanana, chapakati cha chilichonse ndi K5,000. Tsopano agawe mpambawo pakati. Chaka chabwino apeza K10,000, chaka cha chilala sapindula ndipo saluza. Chapakati chikadali K5,000, koma mtunda wa pakati pa chaka chabwino ndi choipa watsika kuchoka pa K30,000 ya choikiza choyamba kufika pa K10,000. Akadagawa mpambawo pakati pa choyamba ndi china chimene chimakwera ndi kutsika nacho limodzi, sakadapindulapo chilichonse pa kugawako. Mlimi amene wabzala mitundu itatu ya chimanga pa munda umodzi wa kumtunda ali ndi maina atatu a mbeu, koma ng'amba ikabwera imapsereza yonse. Nandolo amathandiza chifukwa mizu yake imapita pansi ndipo amacha mochedwa.

Chimene chikuyezedwa apa Angerezi amati correlation, ndipo tamvapo ena akumasulira kuti mgwirizano. Kumasulira kumeneku n'kosocheretsa, chifukwa mgwirizano ndi pangano la anthu, ndiponso ndi chinthu chotamandika, pamene mu mtolo zinthu zogwirizana kwambiri ndizo zosafunika. Msintho wa -an- ukutipatsa mau atatu oyera bwino: zoikiza zoyenderana, zosemphana ndi zosakhudzana. Pakati pa kuyenderana kotheratu ndi kusemphana kotheratu pali muyeso wonse umene a masamu amaulemba kuchokera pa 1 mpaka pa 1 yochotsera. Ndi mau amenewa mphunzitsi atha kufotokozanso vuto la msika waung'ono ngati wa Malawi, umene makampani ake sakwana 20 ndipo angapo mwa iwo ndi mabanki: munthu akhoza kugula masheya a makampani asanu n'kupeza kuti onse ndi oyenderana. William Sharpe, amene adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Markowitz ndi Merton Miller mu 1990, adaonetsa mu 1964 kuti pali kusinthasintha kwina kumene kasakaniza sangachotse, chifukwa kumakhudza msika wonse. Chilala cha dziko lonse chimafika ndi ku dimba komwe.

6. Amene adzamve mauwa

Wina angafunse kuti zonsezi n'zachiyani, popeza mayeso a ukatswiri wa zachuma amalembedwa m'Chingerezi, ndipo malamulo a maphunziro a Malawi a 2013 adaika Chingerezi patsogolo. Sitikunena kuti Chingerezi chichoke m'kalasi. Tikunena za anthu amene wophunzirayo adzalankhula nao akamaliza. Lamulo la penshoni la Malawi la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kuika 10 pa 100 iliyonse ya malipiro a wantchito m'thumba la penshoni, wantchitoyo naikapo 5. Kuyambira pamenepo alonda, madalaivala ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi adasanduka oikiza, ngakhale ambiri sadaonepo chikalata cha sheya. Ku South Africa, kuyambira pa 1 Seputembala 2024, wantchito amaloledwa kutapa gawo lina la ndalama zake za penshoni asanapume, ndipo makampani onga a ku Centurion aja ndiwo amayankha mafunso a otapawo. Amene amatha kumufotokozera munthu wotere m'chinenero chake chimene akutaya potapa lero, ndi mlangizi amene adaphunzirapo kuganiza za nkhaniyi m'chinenerocho. Magulu a banki m'khonde ndi chipereganyu ku Malawi, chilimba ku Zambia ndi stokvel ku South Africa akuonetsa kuti anthu amakamba kale za masheya, chiongoladzanja ndi kugawana m'zinenero zao. Amene watsalira ndi wa ku yunivesite.

Ku South Africa ndondomeko ya boma ya 2020 ya zinenero m'sukulu za ukachenjede imalamula sukulu iliyonse ya boma kutukula zinenero za makolo pa maphunziro, ndipo ntchito yambiri imene imachitika pa zoterezi ndi yolemba mindandanda ya mau. Mndandanda ungalembe kuti risk ndi chiopsezo, komiti n'kuvomereza, vuto lija n'kulowa m'buku. Mau onse amene tapereka m'nkhani ino tawayesa powalowetsa m'chiganizo cha masamu n'kuona ngati akunenabe zoona chiwerengero chikatsika pansi pa ziro. Kuyesa kotere kumafuna wa zinenero ndi wa zachuma pa bolodi limodzi.

Pali kusiyanitsa kwina kumodzi kumene mphunzitsi wa ku Malawi sangakuzembe. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, itaitsitsa kale ndi 25 mu Meyi 2022, ndipo m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu idakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse. Munthu amene adasungitsa K100,000 nalandira K110,000 pakutha pa chaka chotero ali ndi makwacha ambiri kuposa kale, koma matumba a feteleza amene angagule achepa. Pa Chichewa cha masiku onse munthuyo wapindula, popeza chiongoladzanja walandira. Mabuku amasiyanitsa ziwirizi ndi mau oti nominal ndi real. Loyamba tilitche chobwerera cha pa chiwerengero. Lachiwiri womasulira angafulumire kulitcha chobwerera chenicheni, koma chenicheni chimapangitsa chinzakecho kumveka ngati chabodza, pamene K10,000 ija banki idaperekadi. Tingakonde chobwerera cha pa msika wa zinthu, kapena mwachidule chobwerera chogulira, ndiye kuti chobwerera chikayezedwa ndi zimene chingagule. Pa chitsanzo chathuchi, K110,000 pa mitengo imene yakwera ndi 30 pa 100 iliyonse ikugula zimene K84,600 inkagula chaka chathacho, ndipo wosungitsa uja waluza pafupifupi K15,400 ali ndi risiti ya phindu m'manja.